Saluni yogwada pa ukwati wa Misozi

Tsiku la ukwati wa mlongo wanga Misozi sindinadwale, sindinalinso paulendo. Ndinali mu Kabwe momwemuno, nditavala suti, duwa pachifuwa, koma nditagona chafufumimba pamsewu anthu akundijambula. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa, ndiye mukafuna kuseka sekerani kumbali.

Nkhaniyi inayambira ku Nakoli, pamalo otsukira magalimoto pomwe timakumana Loweruka ife akatswiri a zamagalimoto (timadzitcha tokha, palibe anatipatsa setifiketi). Ndinali nditangogula galimoto ya saluni yoyera, yoyendapo kale koma yosalala bwino, ndipo ndinapita nayo kuti anzanga aiyamikire. Mulenga, mkulu wa gulu lathu, anaizungulira manja ali kumbuyo, nasuzumira pansi, kenako n'kupukusa mutu. Ati injini ili bwino, nkhope ili bwino, koma yatalika miyendo ngati mwana wa ng'ombe. Ati saluni yeniyeni iyenera kugwada, tayala lizibisala m'thupi, pakona izimata msewu. Wina anawonjezera kuti matayala anga onenepawo ndi a mphunzitsi wopuma pantchito. Onse anafa nacho chiseko, ine ndinapsa makutu.

(Mulenga ameneyu alibe galimoto. Sanakhalepo nayo. Amabwera pa minibasi n'kubwerera pa minibasi. Izi ndinkazidziwa bwinobwino, koma mutu wanga sunandiuze kanthu.)

Ndiye ndinakadulitsa masipuling'i kwa wowotcherera, n'kuika marimu aakulu, timatayala topyapyala ngati lamba, ndi ekizozi yobangula. Nditabwerera ku Nakoli anandiombera m'manja. Mulenga anandisisita paphewa, ati, "Manje mudala, iyi ndiye motoka." Tsiku limenelo ndinayenda ngati ndakwezedwa pantchito.

Bambo athu, omwe anagwira ntchito ya njanji moyo wawo wonse, anamwalira Misozi akadali pasukulu. Choncho woyenera kumugwira dzanja polowa m'tchalitchi ndinali ine. Mwanayo sanandipemphe keke, sanandipemphe zakumwa. Anangoti ndimunyamule pa galimoto yanga kuchokera kwathu ku Chililalila, ndikamuperekeze mpaka kuguwa m'malo mwa bambo. Anandichenjezanso kuti wansembe wa parishi yathu sadikira mkwatibwi, nthawi ikakwana amayamba Misa chifukwa kumbuyo kumakhala ukwati wina. Ndinamuuza kuti ndi injini imeneyi tikafika wansembe asanavale.

Chimene akatswiri a ku Nakoli sanandiuze n'chakuti mkwatibwi sayenda yekha. Amakhala pakati pa alangizi, amayi aja omuphunzitsa za banja, ndipo kwathu alangizi sasankha owonda. Analowa awiri, wina uku wina uku, Misozi pakati ataweramitsa mutu monga mwambo umafunira. Kutsogolo kunakhala azakhali ochokera ku Katete, chikwama chawo pamiyendo. Ndinaimva galimoto ikutsika, ikutsika, mpaka inakhala pansi ngati thadzi pamazira.

Hampu yoyamba ya pamsewu ndinaidutsa chammbali, monga anandiphunzitsira ku Nakoli, pansi pakulira khwee. Azakhali anadzilemba chizindikiro cha mtanda. Pa yachiwiri zinakanika. Ndinapempha mwaulemu kuti alangizi atsikeko pang'ono. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi, ati mkwatibwi sasiyidwa panjira. Titakokanakokana, mmodzi anatsika akung'ung'udza, nawoloka hampu wapansi m'fumbi ndi chitenje chake chatsopano, n'kukweranso. Magalimoto ena a ukwati anali atatisiya kale, akuimba mabelu mokondwa, osadziwa kuti mwini ukwati watsala.

Pafupi ndi msika pali hampu ina yaikulu imene anthu a pamenepo anaunjika okha. Nthawi inali itatha, azakhali akundionetsa wotchi pamphuno. Apo ndinakumbukira nzeru ina ya Mulenga, yakuti galimoto yogwada ukaiopera hampu imakodwa, koma ukaponda moto imauluka. Ndinaponda moto. Inangoti gwaa! Saluni yanga inakhala pamimba, matayala akutsogolo akuzungulira m'malere, ekizozi itatsala kumbuyo, oyilo wakuda akuyenderera pamsewu.

Anthu anadzadza nthawi yomweyo. Alangizi, omwe aja okana kutsika, anaimitsa minibasi, namufunditsa Misozi chitenje kumutu, n'kumukweza pakati pa amayi a madengu a tomato. Ine ndinali nditaimbira kale Mulenga foni, ndipo anali kukuwa m'khutu mwanga kuti ndisayerekeze kuisiya, anyamata a pamsika achotsa marimu, gulu lonse likubwera manje manje kudzainyamula.

Misozi anatukula mutu pawindo la minibasi, koyamba tsiku lonselo. "Achimwene, isiyeni. Tiyeni."

"Tsogolani, ndikupezani pakhomo la tchalitchi. Sindichedwa."

Ndinalowa pansi pa galimoto kufuna kutseka oyilo ndi mpango wa m'thumba la suti (musandifunse, inenso sindidziwa). Akatswiri aja anafikadi, koma mochedwa, ndipo palibe anakankha. Anatulutsa mafoni. Mmodzi anagwada kujambula marimu, ati ngakhale yakodwa ikuoneka bwino. Amene anainyamula ndi anyamata omwe aja a pamsika amene ndinkawayesa akuba.

Ndinafika kutchalitchi nthungululu zikulira, anthu akutuluka, ine wakuda oyilo kuyambira kolala mpaka nsapato. Azakhali sanandikalipire, bola akanatero. Anangondiuza kuti amalume athu anadzipereka kumulowetsa Misozi, koma mwanayo anakana. Anaima pakhomo akuyang'ana kumsewu mpaka kwaya inabwereza nyimbo yolowera, wansembe anatukula dzanja, ndipo mwanayo analowa yekha.

Mukudziwa zimene akunena ku Nakoli masiku ano? Mulenga yemweyo, pakamwa pomwepo, akuti munthu wanzeru sangayendetse saluni m'misewu ya Kabwe, mwamuna weniweni amagula galimoto yaitali. Kanema amene anandijambula uja amamuonetsa kwa aliyense wobwera kudzatsukitsa. Ndimadana nawo anthu amenewa, ndikunena zoona, ngakhale Loweruka lapitali ndinapezekakonso (ndinangopita kukatsukitsa basi).

Misozi sanandinenepo mawu oipa. Amandilonjera atagwada, amandipatsa madzi, zonse zoyenera mlendo. Mwezi wathawu anabereka mwana wamwamuna, ndipo ubatizo uli pafupi. Ndinamuimbira foni ndili wokondwa kumuuza kuti ndaika masipuling'i atsopano, galimoto yakwera, mahampu onse ikudutsa osagunda, ndiye ndidzawanyamula ine.

Misozi anati, "Zikomo achimwene, takonza kale mayendedwe. Inu mungobwera ku Misa, mukapeza mpata."

Ndinati chabwino, mwachita bwino. Foni itaduka ndinakhalabe m'galimoto muja kwa nthawi, injini yozima, ndikusowa koti ndipite.