Ndinakonza nyimbo ya chitoliro yomwe sinawonongeke

Mpaka lero, ndikakumana ndi munthu wa kwa Shaba pa Jenda, ndimayamba kufunafuna m'chikwama chinthu chomwe sindinaikemo. Palibe amene anandikalipira. Ambiri amene analipo tsiku limenelo amandiyamikira mpaka pano, ndipo zimenezo ndi zomwe zimandisowetsa mtendere.

Ndine mphunzitsi, kwathu ndi ku Ntchisi, koma ntchito inandiponya kuno ku Mzimba kalekale. Mkati mwa sabata ndimagwira choko. Loweruka ndimakhala munthu wa zokuzira mawu: maukwati, misonkhano ya mpingo, ziliza, paliponse pamene anthu akufuna kumveka kutali. Ndili ndi masipika awiri, maiki awiri, jenereta, ndi ampulifaya yomwe kagalasi kake kosonyeza manambala kanasweka itagwa pa ngolo (kagalasi kameneka mukakumbukire, kabweranso kutsogoloku).

Ntchito imeneyi ili ndi lamulo limodzi lokha: phokoso lisaduke. Nyimbo ikangothima pa ukwati, palibe amene amayang'ana mkwati. Mitu yonse imatembenukira kwa iwe, ndipo kumbuyo kumakhala kuli munthu mmodzi wosasowa amene amakuwa kuti, "Zakanika!" Choncho ndinkasunga foni yakale yolumikiza kale ku ampulifaya, m'kati mwake muli nyimbo imodzi ya ukwati yomwe imadzutsa ngakhale wodwala nyamakazi. Chilichonse chikavuta, chala chimodzi, basi, anthu ali m'bwalo. Foni imeneyi ndinkaitchula kuti ambulansi, ndipo ndinkainyadira kwambiri.

Tsiku lina kunyumba kwanga kunabwera a Shaba pa njinga yawo yakapalasa. A Shaba ndi mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, mudzi wawo uli cha ku Embangweni, munthu wosachuluka mawu. Anati akufuna zokuzira mawu pa mwambo wovundukula chiliza cha akazi awo, malemu NyaLungu. Anawonjezera kuti mwana wawo Tiwonge akubwera kuchokera ku Joni, ndipo adzaimba.

Kuno ku Mzimba, munthu akabwera kuchokera ku Joni timamudziwira patali: galimoto yodzaza mpaka kupendekeka, matilesi pamwamba, njinga, mabeseni. Tiwonge anatsika basi ndi chikwama chimodzi ndi kabokosi kakuda kotalika ngati mkono. Abale ankang'ung'udza kuti mwana uja anapita kutali konseku kukaphunzira kuuzira chitoliro, chomwe abusa a ng'ombe amachidziwa osapita ku sukulu. Kumeneko ankaimba mu okesitira, lomwe ndi gulu lalikulu la anthu okhala pa mipando ndi mavayolini, malipenga ndi ng'oma, kutsogolo kwawo kuli munthu wogwedeza kandodo.

M'mawa wa tsikulo ndikulumikiza mawaya pansi pa mtengo wa mango, iye anabwera ndi fulashi m'manja. Anandifotokozera kuti m'fulashimo muli gulu lonse lija kupatula chitoliro, ndipo chitolirocho aimba yekha pamaso pa anthu. Nyimboyo inali yatsopano, anaipeka limodzi ndi mnzake wina, mayi woti ali moyo ndipo amakwera minibasi ngati ife tomwe (ine ndinkaganiza kuti nyimbo za mtundu umenewu anamaliza kupeka azungu akale omwe anafa onse).

"Asambizgi," anatero, chifukwa kuno mphunzitsi amamuitana choncho, "mukadina batani kamodzi, mbwenu mwamaliza. Musakhudzenso kanthu mpaka nditatsitsa chitoliro. Tingayeseko kaye pang'ono?"

"Achemwali," ndinayankha, "ine ndaimbitsa maukwati kuyambira pa Jenda mpaka pa boma. Kuyesa n'kwa oyamba kumene."

"Chabwino. Koma chapakati pake pali malo ena amene..."

"Ndikudziwa," ndinamudula.

Sindinkadziwa kalikonse. Iye anandipatsa fulashi ija ndi manja awiri.

Titabwerako kumanda, anthu anakhala pabwalo, abambo pa mipando, amayi pa mphasa. Amalume ake a Tiwonge, a Lungu, amene ankayendetsa mwambo, analengeza kuti tsopano mwana wa malemu atiimbira za ku Joni. Tiwonge analumikiza chitoliro chake chachitsulo chonyezimira, anaima patsogolo pa maiki moyang'anizana ndi bambo ake, n'kundigwedezera mutu. Ndinadina batani.

Sipanamveke kanthu. Kenaka panayamba kumveka kamawu kakang'ono ngati udzudzu uli kuseri kwa neti. Ndinati fulashiyi anaijambula motsika, ndipo ndinakweza voliyumu pang'ono. Udzudzu uja unakula kukhala njuchi. Ndinakwezanso.

Tiwonge anaika chitoliro pakamwa n'kuuzira. Koma m'malo mwa nyimbo munatuluka mpweya wokhawokha, fuuu, kenaka kukoka, kenaka fuuu. Zala zake zinkagogoda timabatani ta chitoliro, mawu osatuluka. Apa ndinadziwa kuti maiki yandichititsa manyazi (maiki imeneyo inali ndi mbiri yake, inandithimirapo m'busa ali pakati pa kudalitsa mphete). Ndinanyamuka, ndinawerama monga timachitira podutsa pamaso pa akuluakulu, ndinayenda choncho mpaka pamene anaima, ndipo ndinagogoda maiki ija ndi chala kawiri. Du, du, bwalo lonse linamva. Inali yabwinobwino. Tiwonge sanasiye kuuzira, koma diso limene anandiponyera pamwamba pa chitoliro chija ndimaliwonabe. Ndinabwerera pa mpando wanga chowerama chomwecho, ndipo pofuna kuti ulendowo usapite pachabe, ndinakwezanso maiki.

Nthawi yomweyo ng'oma zonse ndi malipenga onse a ku Joni analowa pakamodzi. Sipika ya kumanzere inayenda yokha pa tebulo. Mbuzi yomwe inali pa chingwe kuseri kwa nkhokwe inadula chingwe. Gogo wina anakuwa dzina la Mulungu, ndipo a Lungu, amene anakhala pafupi ndi sipika, anagwira chipewa chawo ndi manja onse awiri. Ndinatsitsa zonse mwachangu, n'kutembenukira jenereta ndi nkhope yokwiya, kuti anthu aganize kuti yalakwa ndi iyo.

Kuchokera apo ndinakhala phee kwa mphindi zingapo, ndipo ndinene zoona, china chake chinayamba kuchitika pabwalopo. Nyimboyo sinali yoti munthu ungavine kapena kuitsatira ndi mluzu. Chitoliro chinkathamanga kukwera m'mwamba, mavayolini n'kuchikokera pansi, icho n'kuyesanso. Kenaka mpweya uja unabwerera, koma tsopano wochedwa, pakati pake patalipatali. Amayi anasiya kudzikupiza ndi nsalu. Ndinaona a Shaba akuvula magalasi n'kuwaika pa bondo. Ine zonsezi ndinkaziwona ndi diso limodzi, linalo lili pa mawaya.

Ndiye zonse zinangoti zii.

Jenereta inkalira bwinobwino, ndiye vuto silinali magetsi. Ndinayang'ana pa ampulifaya kuti ndione ngati nyimbo ikuyendabe, n'kukumana ndi kagalasi kosweka kaja. Tiwonge anali ataima, chitoliro chili pakamwa, maso otseka, osauzira. Mumtima ndinati: mwana wa eni ake wasiyidwa panjira, akudikira ine. Ndinawerenga mpaka khumi. Mitu iwiri kapena itatu inatembenukira kwa ine (pofotokozera akazi anga madzulo ake ndinati bwalo lonse, koma inali iwiri kapena itatu). Wina kumbuyo anatsokomola, ndipo ine ndinamva ngati wayamba kale kunena kuti zakanika.

Ndinadina ambulansi.

Nyimbo ya ukwati ija inaphulika pabwalo lonse. Nthungululu inamveka kuchokera pa mphasa. Azakhali ena anadzuka, anamanga chitenje m'chiuno, n'kulowa m'bwalo, ena n'kutsatira. Anthu amene anakhala kwa nthawi yaitali osadziwa chochita ndi nkhope zawo tsopano anapeza chochita ndi miyendo. A Lungu anatenga maiki ina ija.

"Mwaona! Mwana wathu wayamba ndi za kwa azungu, wamalizira ndi zakwathu! Yewo chomene, Tiwonge! Tsopano chakudya chakonzeka."

Tiwonge anatsegula maso. Sanandiyang'ane. Anatsitsa chitoliro, anachigawa patatu, anapukuta chigawo chilichonse ndi kansalu mosafulumira, anatseka kabokosi kaja, n'kulowa m'nyumba. A Shaba anavalanso magalasi awo.

Ine ndinadya mpunga ndi nyama ya ng'ombe mbale ziwiri. Anthu ankabwera kudzandigwira chanza. "Asambizgi, kumapeto kuja ndiye mwatikumbukira," anatero a Lungu. Ndinapita kunyumba ndikudzimva ngati dokotala amene wapulumutsa wodwala. Fulashi ija ndinaipeza ili pa ampulifaya pomwepo ndikutsitsa katundu, ndipo pamene ndinkaganiza zoibweza n'kuti mwini wake atakwera kale basi ya m'mawa pa Jenda.

Lachitatu masana ndikuweruka, ndinapeza njinga ya a Shaba itatsamira khoma la nyumba yanga. Ndinawapatsa mpando, ndinawatengera fulashi yawo, ndipo ndinakhala pansi kudikira kuthokozedwa. Iwo sanailandire.

"Asambizgi," anatero, "ndabwera kudzamva kuchokera pamene munadula paja."

Ndinayamba kufotokoza za fulashi za masiku ano, momwe zimaimira zokha. Anandilola kuti ndimalize, monga mphunzitsi wamkulu amalolera mwana kumaliza bodza lake.

"Sinaime," anatero. "Amama ake a Tiwonge anamwalira ndi chifuwa. Tsiku lomaliza kuchipatala, mwana ali ku Joni, ine ndinagwira foni pafupi ndi pakamwa pawo kuti awamve. Kuyankhula anali atasiya, kunatsala kupuma kokha. Mpweya uja munkati maiki yafa, ndi amama ake amenewo."

Ndinayang'ana pansi. Pansi panali simenti basi.

"Atasiya kupuma, ine ndinalephera kumuuza. Iyenso sanafunse. Tinangokhala, foni ili m'manja, uku chete, uko chete. Chete ameneyo ndiye anamuika m'nyimbo, kutalika kwake komweko. Akatha, akuti pamabwera kanyimbo kamene amama ake ankakonda kung'ung'uza akamaswa mtedza. Ndi kameneko kamene anandibweretsera."

Ndinafunsa ngati Tiwonge sangawatumizire nyimbo yonseyo pa foni.

"Wanena zomwezo. Ndamukaniza. Za pa foni ine zinandikwana." Anapukuta magalasi. "Akuti abweranso akapeza tchuthi, mwina chaka cha mawa. Mbwenu tidikira. Zaka zanga mukuziona nokha."

Ndinalumikiza sipika imodzi pabalaza pomwepo. Ambulansi ndinaizula n'kuiika pawindo. Ndinadina batani, kenaka ndinalowetsa manja onse awiri pansi pa ntchafu n'kuwakhalira. Udzudzu uja unabwera, ndinausiya. Ng'oma zinabwera, ndipo pa voliyumu yake yeniyeni sizikanathawitsa mbuzi ya munthu. Kenaka chete uja anafika.

Ndinamva akazi anga akutsuka mbale kuseri. Ndinamva ana akusewera mpira ku bwalo la sukulu, ndi njinga yamoto ikudutsa pa msewu. Zala zanga zinkayabwa pansi pa ntchafu. Chete yense uja, amene Loweruka ndinkamuwona ngati chaka, sanakwane ndi mphindi imodzi yomwe. Ine ndinapirira masekondi khumi okha.

Mavayolini analowa pang'onopang'ono, motsika kwambiri, ndipo ngakhale ine wosadziwa nyimbo ndinamva kuti akuperekeza chinthu chomwe palibe. Pakati pawo panali malo a chitoliro, opanda kanthu. A Shaba anamvetsera pang'ono, mutu uli pambali. Kenaka anayamba kung'ung'uza okha m'malo mopanda kanthumo, ndi mawu a munthu wokalamba, onjenjemera, penapake kutsogola, penapake kutsalira. Kanali kanyimbo wamba, koti mwana angakaphunzire tsiku limodzi. Anakaimba mpaka mavayolini anatha.

Anadzuka, anaika fulashi m'thumba la malaya, anapinda miyendo ya buluku, n'kunena kuti, "Yewo, asambizgi." Ndinawaperekeza mpaka pa msewu. Mawu opepesa ndinawanena atakwera kale njinga, ndipo sindikudziwa ngati anawamva.

Mungaganize kuti ndinaphunzirapo kanthu. Ambulansi inakhala pawindo milungu iwiri. Mlungu wachitatu, pa ukwati wina ku Engutwini, ndinaibwezera, ndipo m'busa atapumira pang'ono pakati pa pemphero ndinapeza chala changa chili kale pa batani. Chomwe chinasintha n'chakuti masiku ano, phokoso likaduka, ndimakhalira manja kaye, moti anthu ena amaganiza kuti ndimamva kuzizira.

Tiwonge sanapezebe tchuthi chija. A Shaba anasiya kupalasa njinga, mawondo akuvuta. Koma a Lungu akandiona pa Jenda amandikodola patali, n'kuuza aliyense amene ali pafupi kuti uyu ndiye mphunzitsi uja anapulumutsa mwambo wa chiliza cha mlongo wawo. Ine ndimangoti yewo, n'kuyamba kufunafuna m'chikwama.