Tsiku Limene Anandilira Ndili Pansi pa Galimoto

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzapita nayo kumanda, koma poti theka la dera lathu linaona ndi maso, bola ndiinene ndekha. Museke motsitsa, ndine mayi wa ana atatu.

Tili ndi kagalimoto kamene ndimanyamulira mpunga kuchokera ku Bua. Bambo akunyumba amagwira ntchito ku Dwangwa, amabwera mwezi ukatha, ndiye woyendetsa ndine. Tsiku lina kanayamba kulira kutsogolo, gudu! gudu! pa bampu iliyonse. Ndinapita nako kwa a Saidi, makaniko wa pafupi ndi msika, munthu wofatsa amene amayamba wayala pepala pampando kuti asakudetsereni.

Anagwedeza matayala, n'kumvetsera.

"Mayi a Tadala, ball joint yatha. Ndi kachitsulo kogwira mwendo wa galimoto. Kakaduka muli pa liwiro, tayala ligona chammbali. Mubwere nayo mawa."

Pamene ankandilozera pamalopo, maso anga anali pa foni. Ndinali nditapeza kale vidiyo ya mzungu wina akusintha chitsulo chomwecho, akumwetulira, malaya osada n'komwe. Mumtima ndinati, ine wa Form Four, Physical Science ndinakhoza, ndingalephere zimenezi?

"Zikomo a Saidi, koma bambo akonza okha akabwera."

Bodza! Bambowo ngakhale babu likapsa amaitana munthu.

A Saidi sananditsutse. Anandigulitsa chitsulocho, n'kundibwerekanso sipanala ziwiri kuti "bambo asakavutike."

Loweruka m'mawa, ana atapita kwa azakhali awo, ndinavala kabudula wakale wa bambo, wong'ambika kumbuyo, n'kumanga chitenje pamwamba. Galimoto ndinaimika kuseri kwa nyumba. Jeke ndinaika. Tayala ndinachotsa n'kuligoneka pansi pa galimoto monga anachitira mzungu uja. Chimene iye sananene n'choti kwawoko pansi ndi pa simenti. Kuno ku Nkhotakota ndi mchenga.

Nati imodzi inandipulumuka n'kugwera mkati. Ndinalowa chagada kuitsatira. Ndili mmenemo ndinangoona jeke ikupendekeka. Galimoto inatsika pang'onopang'ono ngati ng'ombe ikufuna kugona, n'kukhala pa tayala lija. Ine osandikhudza ngakhale pang'ono. Koma chitenje changa chinapanikizika pakati pa tayala ndi galimoto. Kukoka, osatheka. Njira inali imodzi: kutuluka n'kusiya chitenje mommo.

Ndikuganiza zimenezo, ndinamva mapazi. Anaphiri, aneba anga, kudzabweza sefa.

"Odi kuno! Mayi a Tada... Mayooo!"

Apa mpamene ndinalakwitsa. Ndikanangoti, "Ndili bwino, mundibwereke nsalu." Koma nditakumbukira kabudula uja ndinangoti zii. Ndinati akathamanga kukaitana anthu, ine ndituluka n'kuthawira m'nyumba.

Anaphiri sathamanga. Amaitana ali pomwepo.

"Anthuni! Galimoto yagwera mayi a Tadala! Angotsala mapazi!"

Posakhalitsa ndinkangoona miyendo. Ya masilipasi, ya nsapato, ina yopanda kanthu. Amayi anzanga akumpingo ankachokera kosesa m'tchalitchi, anafika ndi matsache awo. Wina anandigwira chala chakuphazi.

"Akadali ofunda."

"Dzulo lomweli anandipatsa mchere, inu!"

"Anali munthu wabwino."

"Wabwino, koma makani pang'ono."

Anali! Ine ndikumva! Mayi wina, mpaka lero sindidziwa kuti anali ndani, anavula mpango wake n'kundifunditsa mapazi kuti asapse ndi dzuwa. Misozi inandilengeza. Koma mmene zinafikiramu, ndikanati ndilankhule ndikanayamba ndi mawu ati? Moni?

Nyimbo ya maliro inayambika chapansipansi. Wina anati aimbire foni ku Dwangwa. Kenaka mawu a bambo wina:

"Tisataye nthawi, agwireni miyendo tikoke!"

Ambuye! Kukoka kumeneko chitenje chikanatsala. Ndinagwira chitsulo cha pansi pa galimoto ndi manja awiri, ndikupemphera pemphero limene sindingalibwereze.

"Musakoke! Tapatukani!"

A Saidi. Wina anali atakawatenga pa njinga pamodzi ndi jeke yawo yaikulu. Anagwada, n'kusuzumira. Maso athu anakumana. Anga anali otsegula bwinobwino, akuphethira.

"Alhamdulillah," anathokoza Mulungu motsitsa.

"A Saidi," ndinanong'ona, "ndili moyo. Chitenje."

Anaona pamene chapanikizika, n'kuyang'ana kumbali msangamsanga. Anadzuka akusansa mchenga m'maondo.

"Akupuma! Angokomoka chabe. Azibambo nonse, pitani kumsewu mukafune matabwa, apa pakufunika mpweya. Anaphiri, imani apa mutambasule nsalu."

Matabwa a chiyani, poti lawo anali atabwera nalo? Azibambo atangopota pangodya, anayala thabwalo pamchenga, n'kuikapo jeke, n'kukweza galimoto nkhope atalozetsa kumpanda. Chitenje chinamasuka. Ndinachimanga mfundo ziwiri ndisanatuluke.

Tsono poti ananena kuti ndakomoka, ndinayenera kutsitsimuka. Ndinatuluka mwaulesi, dzanja pamphumi.

"Ndili kuti?"

Nthungululu! Anandikhazika pamkeka, kundikupiza, kundimwetsa madzi a shuga makapu awiri. Anaphiri ankalira atandikumbatira, sefa ikadali m'manja. Amayi aja nyimbo ya maliro anaisandutsa yothokoza. Ine mutu pansi, manyazi akundiotcha kuposa dzuwa. Wonena za makani uja ndinamuzindikira mawu, koma ndi yemweyo amene ankandipukuta girisi kumaso, ndiye ndinamukhululukira.

Anthu atayamba kubalalika, a Saidi anazungulira galimoto akutola sipanala zawo. Anawerama n'kuyang'anitsitsa pamene ndinamasula paja. Kenaka anabwera pafupi ndi mkeka, n'kunjuta, chipewa m'manja, n'kulankhula moti Anaphiri asamve.

"Mayi, galimoto ndikonzera pompano, musadandaule. Koma bambo akabwera mudzawauze kuti anayesetsa ndithu."

"Ndidzawauza, a Saidi."

"Kungoti ball joint yakutha ija ili mbali inayo."

Bodza ndi jeke n'chimodzimodzi, abale anga: pamchenga siziima.