Benchi ya a Gondwe

Lolemba
Ndalonjeza pamaso pa anthu: Loweruka ndiwadzutsa a Gondwe, atelala aja, pa benchi ya drafuti ya kuno ku Kawale. Lamulo lake ndi limodzi, wopambana amakhala, wogonja amaimirira. Iwo akhala chikhalire kuyambira nthawi ya mvula. Ine miyendo yatopa! Zofunika: katoni, khala lojambulira, zitsekerero za mabotolo 24.

Lachiwiri
Ndikusewera ndekha, zitsekerero zina chagada, zina chafufumimba. Ndapambana kasanu. Koma n'chifukwa chiyani mbali imene ndakhala ndiyo imapambana nthawi zonse?

Lachitatu
Ndapempha mayi a Tiwonge, akazi anga, akhale mbali inayo. Akuti sadziwa. Ndawaphunzitsa mofatsa. Andidyera zitsekerero zitatu kamodzi, uku akusadzula masamba a nkhwani. Mwayi chabe.

Lachinayi
Mayi a Tiwonge andigonjetsa kanayi kwa ziro. Ndikuyang'anitsitsa. Mzere wawo wakumbuyo sausuntha. Amandipatsa chimodzi, ine n'kudya mosangalala, kenako psiti, zanga zitatu zapita. Ndafunsa kumene anaphunzira. "Dzulo, kwa inu." Zikundiwawa, koma ndikufunitsitsa kudziwa mmene mutu umenewu umayendera. Zaka zonsezi m'nyumba imodzi!

Lachisanu
Ndalemba mayendedwe awo asanu ndi limodzi oyamba kuseri kwa kalendala. Ndaloweza. Ndafunsa zachisanu ndi chiwiri. "Zimatengera mnzanuyo wayenda bwanji." Yankho lanji limeneli?

Loweruka
Pa benchi anthu ndi ambiri, ngakhale wogulitsa chinangwa wasiya lichero. Kuyenda kasanu ndi kamodzi koyamba, bwinobwino! A Gondwe mpaka avula magalasi. Kachisanu ndi chiwiri mutu wayera mbee. Ndakankha chilichonse, andisesa. Sanaseke n'komwe. "Achimwene, chiyambi chija si chanu. Mwini wake abwere mawa."

Lamulungu
Tachokera kutchalitchi molunjika ku benchi. Mayi a Tiwonge akhala pansi osavula ndi nsapato za kutchalitchi zomwe. Ola lathunthu akusewera ndi a Gondwe. Kenako a Gondwe aimirira, akusisita maondo, afunsa amene ali womaliza pamzere wa odikira kusewera. Ali kumbuyo kwanga tsopano.

Ine ndanyamula chikwama cha amayi ndi ambulera. Ndinawerama kuti ndione kumene zikupita, akuti ndisamawapumire m'khosi. Ndikafika kutsogolo kwa mzere ndikumana ndi mayi a Tiwonge. Ndauza a Gondwe adutse.