Maliro Anga mu Filimu

Lolemba
Gelevaziyo mwana wa Pindani. Ndiyambe ndi dzina limeneli. Ndiye anandilanda ufumu tili Sitandade 5 kusukulu ya mishoni. Linali sewero lija la m'buku lakale la azungu, la mfumu yopha bwenzi lake chifukwa cha miseche, kenako n'kupenga ndi chisoni. Mfumu ndinali ine, mawu onse ndinaloweza ndikudyetsa mbuzi. Iye n'kukauza aphunzitsi kuti mfumu siikhala ndi matewe. Chisoti chapepala anamuveka iye, ine n'kundiimika kumbuyo ngati mtengo, nthambi m'manja. Chaka chomwecho sukulu ndinaileka. Kupepesa, mpaka lero ayi.
Tsopano achinyamata a kuboma abwera ndi makamera, akujambula sewero lomwelo paphiri. Mfumu asankha ndani? Gelevaziyo! Dazi, mano owerengeka, chifuwa cha fodya. Mawa ndikukatenga ufumu wanga.

Lachiwiri
Nkhungu mpaka pakhomo. Phiri likuyandama, tsinde lake silikuoneka. Ndavala buluku lalikulu lobisa miyendo.
Wotsogolera ndi Tiyamike, mwana wa anamwino a kuchipatala kwathu kuno. Ndamulakatulira mawu a mfumu osaphonya. Waomba m'manja. "Agogo, ufumu tapereka kale. Chimene tikusowa ndi mtembo." Mudzi wonse wakana kugona pachithatha, ati n'kulaula. Ndafunsa kuti mtembowo ngwa yani. Ngwa bwenzi lophedwa lija. Ndakumbuka pomwepo: mfumu imagwada pambali pake n'kunena kuti, "Ndinakulakwira, m'bale wanga, ndikhululukire."
Gelevaziyo kundigwadira ine! Ndavomera.

Lachitatu
Mkazi wanga aNangozo akwiya. "Mukufuna kundiitanira umasiye? Mukakagona pamenepo, bulangete langa lisapiteko."
Ndakaona anzanga a m'filimu:
Mfumukazi: mayi wogulitsa mbatatesi pa Chimbiya. Maso ake ngabwino, koma akulira ngati akuitanira minibasi.
Mkulu wa asilikali: mkondo ukumulemera, wotchi ili pamkono.
Wamiseche: akatekisiti opuma. Apa pokha asankha bwino.
Mfumu: yavala chikopa cha mbuzi chopenta madontho, ati nyalugwe. Mbuziyo ndikuidziwa.
Koma malo, Ambuye! Miyala yakuda, paini, mitambo ikudutsa m'mawondo. Munthu ungafe mwaulemu pamenepa.

Lachinayi
Zoyeserera. Ndagona, andifunditsa nsalu yoyera yopyapyala, kuzizira mpaka m'mafupa. Gelevaziyo akugwada pang'onopang'ono, mawondo akulira ngati chitseko cha khola. "Ndinaku... ndinaku..." Chifuwa. Wayambanso. Waiwala! Ndamukumbutsa ndili m'nsalu momwemo, mokweza. Mfumukazi yathawa mpaka kumiyala. Tiyamike: "Agogo, chonde, mtembo suyankhula." Gelevaziyo: "Uyu ngakhale mtengo unkamukanika."
Mawa adzanena yekha, kamera ikuona.

Lachisanu
Tsiku lenileni. ANangozo andiponyera bulangete lija, osandiyang'ana. "Mungakafe zenizeni."
Ndagona pachithatha, bulangete mkati, nsalu pamwamba. Kutenthera bwino. Akudikira kuti nkhungu ipungule. Paini akuimba. Kutali ng'ombe ikulira. Ndikuona bwalo la sukulu, miyendo yanga yawongoka ngati nsungwi, chisoti chapepala chikutsika chokha kuchokera mumtambo, mbuzi zanga zakhala pamabenchi zikuomba m'manja...
Ndikudzidzimuka, anthu akupinda zingwe. Mfumukazi ikupukuta misozi. Akatekisiti akuti, "Achimwene, mnzanu walira zenizeni lero, mpaka kukugwirani phazi."
Sindinamve kanthu. Ngakhale liwu limodzi!

Loweruka
Tiyamike wationetsa pakompyuta m'holo ya tchalitchi. Phiri latuluka bwino kuposa tonse, ngati dziko limene munthu amalota akadwala malungo. Nyalugwe akadali mbuzi. Wotchi ikuoneka.
Ine: mapazi awiri, ming'alu, ndi matewe, ngakhale m'nsalu. Basi.
Kenako Gelevaziyo, chogwada, misozi mbwembwembwe, milomo ikugwedera. Ndatchera khutu. Kukumveka chitoliro! Mawu palibe. Ndafunsa Tiyamike. "Agogo, mkonono wanu unaphimba zonse, ndiye taikapo nyimbo. Zakongolanso chonchi."
Holo yonse kuseka. Bwerezani, ndatero. Akuti kamera inali yobwereka, yapita kale.

Lamulungu
Nkhungu yabwereranso, phiri lasowa. Kutchalitchi Gelevaziyo wandipatsa moni: "Mwadzuka, amtembo?" Koma dzanja langa walisunga nthawi yaitali.
Ufumu ndausiya, audye. Matewe ndipita nawo kumanda, ngakhale filimu yavomereza. Chimodzi chokha ndikufuna ndisanagone pachithatha chenicheni. Gelevaziyo abwere pakhonde panga masana, dzuwa likuswa mtengo. Kugwada ndamukhululukira, mawondo aja ndawamva, akhale pampando. Anene mawu aja onse, popanda chitoliro. ANangozo akhale pambali panga, azinditsina.