Tsiku Lomwe Malume Analavula Vinyo

M'mudzi wina, womwe dzina lake sitilitchula poti eni ake akadali moyo, makomiti anali ochuluka kuposa mijigo. Kunali komiti ya mlatho womwe sunamangidwe, komiti yoyang'anira komiti ya mlathoyo, komanso Komiti Yaikulu Yolawa Zakumwa Zochokera Kunja. Wapampando wake, mlembi wake ndi membala wake yekhayo anali bambo Gervazio Kamchacha, omwe pa unyamata wawo anatsukapo matambula pa hotela ina mumzinda kwa miyezi itatu. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi komitiyi sinalawepo kanthu, chifukwa chakumwa chochokera kutali kwambiri chomwe chinkafika m'mudzimo chinali kachasu wa kutsidya kwa dambo.

Mwayi unagwa pa chinkhoswe cha Mwandida, mwana wa mlongo wawo. A Gervazio ndiwo anali nkhoswe, ndipo nkhawa yawo inali imodzi: akuchimuna anali anthu a m'tauni. Akangoona ngati kuno n'kwa anthu osadziwa zinthu, atha kubwerera ndi mnyamata wawo, Mwandida n'kutsala akulira.

Akuchimunawo anafika dzuwa litakwera, motsogozedwa ndi nkhoswe yawo, bambo Dzimbiri. Atakhala pansi pa mtengo wa mango, a Dzimbiri anatulutsa mabotolo awiri a vinyo, wina wa ku Spain, wina wa ku France. Mwambo wake ngodziwika: wobwera ndi mowa ndiye amayamba kumwa, kuchotsa ufiti. Koma asanafikitse kapu pakamwa, a Gervazio anawagwira mkono.

"Pepani a nkhoswe anzanga, kuno kulawa kuli ndi ofesi yake."

Anathira wa ku Spain, n'kuuzunguza m'kapu ngati akutsukuluza, n'kulowetsamo mphuno yonse atatsinzina.

"Uyu ngwaukali," anatero. "Ndikumva bwemba, ndi kautsi ka chitsa chonyowa. Salonjera munthu ameneyu."

Anthu anayang'anana mogoma. A Gervazio ananunkhiza wa ku France.

"Aaa, uyu analeredwa. Amayamba wanena odi. Masuku akupsa, ndi fungo la mvula yoyamba."

Ngakhale a Dzimbiri anagwedeza mutu. A Gervazio, chimwemwe chitawakwera, anapsontha wa ku France uja, n'kuchukucha m'kamwa, ndipo monga ankachitira azungu pa hotela paja, anatembenuka n'kulavula pansi.



"Mayo ine, alavula!" anakuwa mayi Nachisale, azakhali a mtsikanayo. "Muli mankhwala m'menemo!"

Azimayi anamunyamula Mwandida n'kukamutsekera m'nyumba. Akuchimuna anadzambatuka, akukung'untha fumbi m'mathalauza.

"Ife tabwera kudzamanga banja, osati kudzatchedwa afiti," anatero a Dzimbiri.

"Tadikirani!" anachonderera a Gervazio. "Akatswiri amatero. Vinyo wabwino amalawa n'kulavula."

"A Gervazio, musatipusitse," anayankha mayi Nachisale. "Inu munamwapo masese ogwera mphemvu, mphemvuyo n'kumeza. Lero mwalavula, ife tiganize chiyani?"

Anthu anavomera kuti mayiwo anena zoona. Mbiri ya munthu ndi umboni woposa satifiketi.

M'nyumba muja munkamveka kulira kwa Mwandida, ndipo a Gervazio anamva chisoni ndi manyazi nthawi imodzi. Mwana wa mlongo wawo ataye banja chifukwa cha malovu a malume ake? Mutu ukakula sulewa nkhonya. Anatenga botolo la ku France, n'kuligugudiza osapuma. Mayi Nachisale anakumbutsa kuti mankhwala atha kukhala mu linalo, ndipo nalo la ku Spain linatsatira mnzake.

Kwa kanthawi a Gervazio anaima chilili, mayiko awiri akukangana m'mimba mwawo. Anayamba nyimbo ya kwaya, n'kuisiya pakati, kenako anagwa chagada.

Maliro anatsala pang'ono kulengezedwa, koma mkulu wina anaika khutu pachifuwa pawo n'kumva mkonono. Ntchito ya unkhoswe anaigwira mng'ono wawo, ndipo poti panalibe woti alankhule maola awiri, zonse zinatha msanga. Nthungululu zinalira, Mwandida anavala mphete yake, akuchimuna anapita ali osangalala ngakhale vinyo wawo sanamulawe n'komwe.

Podzuka madzulo, a Gervazio anauzidwa kuti mudzi wakhala pansi ndipo wawakweza. Munthu wopulumuka ku mankhwala a mayiko awiri sangangokhala wa zakumwa zokha. Tsopano anali Mkulu Wolawa Zinthu Zonse Zokayikitsa. Anapempha kuti udindowo aubwerezenso kutchula, ndipo anaulandira ndi manja awiri.

M'mawa mwake, mutu ukugunda ngati mtondo, anamva odi pakhomo. Anali Mwandida, atagwada mwaulemu, m'manja muli mbale ya bowa wofiira wamathothomathotho. Kumbuyo kwake kunali mzere wa anthu, aliyense ndi kambale kake kovundikira.

"Malume, apongozi anga akubwera Loweruka, ndiye ndikufuna ndidzawaphikire bowa uyu. Koma m'mudzi muno palibe akumudziwa. Ati muyambe ndinu."

A Gervazio anayang'ana bowayo, bowayo n'kuwayang'ananso.

"Koma chonde malume, mumeze. Mungandithetsere banja."