Nkhunda ya apongozi

Lolemba
Makina atha! Ndapanga ndekha: miyendo ya bedi lakale, matcheni a njinga, timamota ta m'fotokope yakufa, ndi tochi ya plazima yodula chitsulo ndi moto ndi mpweya. Kompyuta ikalamula, tochi ikuyenda yokha. Ntchito yoyamba: nkhunda yachitsulo yokaika padenga la tchalitchi chatsopano kwawo kwa akazi anga, kuseri kwa Embangweni. Akutsegulira Lamulungu. Apongozi alengeza kale mumpingo kuti akupanga ndi mkamwini wawo wa ku koleji. Chikwatirireni ndakhala "uja wa mawaya". Sabata ino ndikhala munthu.

Lachiwiri
Ndadula. Nkhunda yatuluka, koma m'mbali monse muli mano ngati sowo. Ndaisisita, yandiluma chala. Oganiziridwa:
liwiro la tochi
madzi mu kompuresa yopopa mpweya
kamlomo ka tochi kotha
Satana

Lachitatu
Ndikuchepetsa liwiro: chitsulo chosungunuka chikulendewera kunsi ngati mamina. Ndikuwonjezera: mutu wa nkhunda ukukana kuchoka pa chitsulo. Ndakhetsa madzi mu kompuresa, okwana kuchapira masokosi. Mano adakalipo. Akazi anga ayang'anitsitsa: "Kodi inagundidwa ndi lole ya matabwa ya ku Chikangawa?"

Lachinayi
Kamlomo katsopano. Tochi ndaitsitsa, ndaikweza, ndaitsitsanso. Matcheni ndakunga. Ndati ndisalaze ndi galainda; ndasalaza, ndasalaza, phiko latha. Panopa ndili ndi nsomba.
Apongozi afika, agona kuno ku Boma mpaka Lamulungu. Mwa mwambo salowa momwe ndili, aima kuseri kwa khoma n'kutuma mwana wawo, akazi anga, kuti andifunse m'Chitumbuka ngati yatha: "Mufumbe, nkhunda yamara?" Ine ndikuyankha khoma: "Yili pafupi chomene, amama." Khoma lati yewo.

Lachisanu
Ndaika kapu ya tiyi pa makina. Kapu ikuvina! Ikuyenda yokha mpaka kugwa! Si liwiro, si mpweya, Satana ndamunamizira. Ndi chigayo cha a Jere, tinagawana khoma limodzi. Chikabangula, pansi pakunjenjemera, tochi ikulemba ngati munthu wa malungo.
Ndapita kukawapempha azimitse pang'ono. A Jere, oyera ufa mpaka nsidze: "Nizimye? Mbwenu muŵaphalire mwekha aŵa." Akuti ndiwauze ndekha, akuloza mzere wa amayi wofika kumsewu. Kutsogolo kwenikweni, apongozi, ndi matumba a chimanga cha phwando lotsegulira tchalitchi. Ndalonjera mtengo wa mango, ndabwerera.

Loweruka
Magetsi azima. Chigayo chili zii. Ndathamangira ku makina mokondwa, ndafika, ndakumbuka kuti nawonso amadya magetsi omwewo. Koleji!
Magetsi abwera. Chigayo chadzuka ine ndisanakhale pansi.
Zoyika kunsi kwa miyendo ya makina kuti asagwedezeke:
matayala akale (akudumpha)
utuchi (wayaka)
matiresi athu (nawonso)
Akazi anga sakundilankhula. Ngati ali ndi mawu, akutuma amayi awo, amene sangandilankhule. Chitsulo chatsala chokwana nkhunda imodzi.

Lamulungu
M'mawa. Magetsi alipo. Chigayo n'chokhoma, a Jere ali kutchalitchi. Pansi pali phee, ntchentche ikumveka kuyenda. Chitsulo ndayala, chala chili pa batani. Kuseri kwa khoma kukumveka chifuwa, kenako mawu a apongozi: "Mumuphalire kuti muhanya uno ni Sabata."
Akuti lero ndi tsiku lopatulika, sagwira ntchito. Ndachotsa chala.
Ndasankha ya Lachiwiri, ya mano. Mu minibasi yang'amba mpando, kondakitala waiika padenga pamodzi ndi mitolo ya kabichi.
Tafika, aikweza padenga la tchalitchi. Mpingo wonse maso kumwamba. Palibe woseka, anthu akuno ndi aulemu. Abusa anakonza ulaliki wa nkhunda yobwera ndi tsamba chigumula chitatha. Ayang'ana padenga nthawi yaitali, avula magalasi, avalanso. Atembenuza masamba ambirimbiri. M'malo mwa nkhunda, tamva za tambala amene analira wophunzira uja atakana Mbuye wake.
Apongozi akuyimba mokweza kuposa onse, maso ali pansi.