Mizere Itatu Yopanda Kanthu pa Fomu ya Misozi

Mpaka lero kunyumba kwanga ku Malota sindiloledwa kunyamula pepala lililonse. Ngakhale kadi la kuchipatala amanyamula ndi amake Misozi, ine n'kumatsatira pambuyo ngati mbuzi yopita kumsika. Mukafunsa chifukwa, onse amangoloza mbaula ili pakhonde. Lekani ndiulule ndekha ena asanathire mchere.

Zinali zaka za m'ma 90 zija, nditangopuma ntchito ku njanji. Mwana wanga Misozi ankaphunzira zauphunzitsi pa koleji ina (dzina ndisunga, iwo sanalakwe). Temu ili pakati anamutumiza ku Simonga kukayeserera kuphunzitsa, ndiye kosi imodzi, ya masamu, inkagundana ndi masiku akewo. Lamulo la pakoleji linali lakuti wofuna kusiya kosi kapena kuwonjezera ina mochedwa achite pofika Lachisanu la sabata imeneyo. Likadutsa, chilichonse cholembedwa pa dzina lako ulemba mayeso ake, ndipo ukalephera ziwiri ubwereza chaka chonse.

Lachisanulo m'mawa, akuthamangira galimoto ya ku Simonga, anandipatsa fomu atasayina kale.

"Ba tate, mukapereke chabe pa windo. Osachita vina."

"Iwe, ine ninayamba kugwira mapepala ukalibe kubadwa," ndinatero.

(Sukulu ndinalekezera sitandade folo, koma kushedi ya katundu fomu inkandiopa.)

Mu minibasi ndinaitambasula. Kumanzere, kosi yosiya: masamu, yalembedwa bwinobwino. Kumanja, makosi owonjezera: mizere itatu yangoti mbee! Mtima unandiwawa. Ku njanji fomu ya mzere wopanda kanthu inkabwezedwa, ngolo n'kugona sabata yathunthu, wotukwanidwa iwe. Komanso ndinati mwanayu ndi wamanyazi ngati amake. Kumsika wa Maramba ukagula tomato umapempha mbasela, ka kapamwamba kaja. Apa koleji yatambasula yokha mbasela zitatu, iye wakana? Ine ndinkayesa kuti zowonjezerazo n'zoti ukafuna umalowa, ukatopa umakhala.

Pakhoma la ofesi panali mndandanda wa makosi. Ndinavala magalasi, n'kusankha ngati kholo loganiza za mawa. Chifalansa, poti azungu obwera kudzaona mathithi a kwathu kuno amafuna wowalankhula. Nyimbo, poti amayimba kwaya. Mzere wachitatu ndinaganizira geti lathu lothyoka, ndinalemba kosi yosula zitsulo.

Pa windo panali mayi wina wa nsidze zojambula. Anayang'ana fomu, anayang'ana ine.

"Ba mudala, mwana wanu aziba ivi?"

"Ni ine ninamubala, mama."

"Zitatu? Temu yapita kale pakati."

"Ni mwana wa munthu wa njanji. Salema."

Apa ndi pomwe Mulungu anandipatsa khomo lothawira. Mayiyo anati kuwonjezera mochedwa kumafuna kuti mphunzitsi wa kosi iliyonse asayine isanakwane folo koloko. Munthu wanzeru akanabwerera kunyumba. Ine ndinamanga zingwe za nsapato.

Wa Chifalansa anali ndi ophunzira owerengeka, moti anasayina asanandipatse n'komwe moni. Wa nyimbo anakayika, akuti mwanayo ali ndi mawu? Ndinamuyimbira ndime imodzi ya kutchalitchi kuti amve mtundu wathu, anasayina msangamsanga (ndikuganiza kuti ankafuna ndisiye). Wa zitsulo anavula magalasi ake akuda, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri.

"Mtsikana? Mu kalasi yanga? Ba tate, mwalela bwino!"

Chidindo chinagwa kutatsala mphindi khumi. Du! Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati woyendetsa sitima.

Madzulo Misozi atafika, ndinamupatsa pepala lake lotsala la fomu ija, chifuwa chili patsogolo. Anawerenga. Anawerenganso. Kenako anakhala pansi, pafumbi penipeni, ndi diresi yake yophunzitsira ija.

"Ba tate... Chifalansa?"

"Mbasela, mwanangu."

"Vitsulo?"

"Geti yathu waiona."

"Izi zonse nifunika kulemba mayeso! Ba tate, anzanga anayamba kalekale! Nikafeluka ziwiri nibweza chaka!"

Ndinati mwina sindinamve. Mayeso? A mbasela? Amake anatuluka m'khitchini ndi chipande m'manja, anangoti "Mawee!" n'kuyamba kundiyalira m'Chilozi chakwawo chimene sanachilankhulepo chikwatiranireni. Ndinayesa kudziteteza ndi nkhani ya mizere yopanda kanthu.

"Ku njanji mzere ukakhala ulibe kanthu munali kuchita bwanji?" anafunsa Misozi, misozi ili mbwee.

Tinkadula mzere ndi cholembera, basi. Zaka zonse zija ndinkadula mzere. Ndinakumbukira nthawi yomweyo, chidindo chitauma kale.

Lolemba tinalawirira ku koleji. Mayi wa nsidze uja anati tsiku ladutsa, wotsala ndi mkulu wa maphunziro, ndipo iye amamva zifukwa ziwiri zokha: matenda kapena maliro.

"Manje ise tilembe chani?" anafunsa Misozi.

Mayiyo anandiyang'ana kuyambira chipewa mpaka nsapato. "Aba ni matenda, koma dokotala sangalembe kalata."

Lachitatu anatiyitana pamaso pa anthu atatu. Sanakhulupirire kuti kholo lingachite zotere. Ankati mwina mwanayo anasintha maganizo ndiye akubisala kumbuyo kwa nkhalamba. Anandipatsa choko kuti ndilembe pa bolodi mawu omwe aja, afanizire ndi a pa fomu. Ine, mdala wa imvi, pa bolodi, mwana wanga akuonerera! Zilembo zanga zoyenda chammbali ngati nkhanu zinandipereka. Mkulu uja anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Chigamulo chinali chakuti achotsa ziwiri, poti lamulo silinkalola kuposa apo nthawi ikatha. Imodzi itsale, asankhe yekha. Ndinanong'oneza kuti Chifalansa. Misozi sananditembenukire n'komwe.

"Vitsulo," anatero. "Nifuna chinthu chomenya na hamala."

Miyezi iwiri ankabwera kunyumba manja ali matuzatuza, osandilankhula. Mchere patebulo ankaupempha kudzera mwa amake. Ine ndinkagona ndi mantha a chaka chobwereza chija, ndipo ndinaonda mpaka lamba ndinabowola kawiri.

Anakhoza. Mbaula ili pakhondeyo ndiyo anapanga pa mayeso, ndipo mpaka lero sinabowoke. Geti anakana kukonza, akuti likhale chikumbutso changa.

Ndinaphunzirapo, inde. Pepala la mwini ndimalipenya ndi maso okha, manja ali m'thumba. Koma alendo akayamikira mbaula ija, ndimadikira amake Misozi alowe m'nyumba, kenako ndimatsitsa mawu:

"Kosi imeneyo anasankha ndani, mukuganiza?"